Mayi wapakati akayamba kuliza mkonono

Mkonono mwini wake saumva. Mutu ukamapweteka munthu amadziwa yekha, mapazi akatupa amawaona, ndipo mwana akachepetsa kugunda m'mimba mayi amazindikira msanga. Koma zimene zimachitika pakhosi pa munthu ali m'tulo, amene amazidziwa ndi wogona naye pafupi. N'chifukwa chake nkhani iyi, ngakhale ikukhudza amayi oyembekezera, ndikuilembera kwambiri ifeyo ogona pambali pawo: amuna awo, kapena m'bale aliyense amene akugona nawo chipinda chimodzi. Pali uthenga umene azamba ayenera kuumva, ndipo amene tili nawo ndife. Nthawi zambiri umathera m'nthabwala za m'mawa, mayi n'kuchita manyazi, nkhani n'kufera pomwepo.

Akazi anga sankaliza mkonono chikwatiranireni. Ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, mimba itayamba kuonekera bwino, ndinayamba kumva kaphokoso kapansipansi ka munthu wa chimfine, koma chimfinecho panalibe. M'mawa ankadzuka mphuno zitatsekeka, kukamwa kutauma gwa. Mimba ikukula, kaphokoso kaja kanakulanso n'kukhala mkonono weniweni, womveka ngakhale chitseko chili chotseka. Koma chimene chinandithetsa tulo si phokosolo ayi. Usiku wina ndili maso, mkonono unalira, unalira, kenako zii. Chifuwa chawo chinkakwera ndi kutsika, kulimbana kuti chikoke mpweya, koma mpweyawo osamveka kulowa. Ndinayamba kuwerenga chamumtima, dzanja lili m'malere kuti ndiwagwedeze. Ndisanawakhudze anadzidzimuka ndi phokoso la munthu wotsamwa, anakoka mpweya mwamphamvu, anatembenuza mutu n'kupitiriza kugona. Kutacha ndinawafunsa kuti, "Mayi, mwagona bwanji usikuwu?" Iwo anangoti, "Ndagona ndithu, kungoti thupi lonse lili lefu ngati sindinagone n'komwe." Za kutsamwa kuja sankakumbukirapo kalikonse.

Kuti mayi amene sanalizepo mkonono ayambe kuuliza ali ndi pakati si zachilendo, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Mimba imachulukitsa magazi m'thupi, moti pofika miyezi yomaliza amakhala atawonjezereka ndi pafupifupi theka la amene analipo poyamba. Magazi ochulukawo, pamodzi ndi homoni ya estrogen imene imakwera kwambiri nthawi imeneyi, amatupitsa kachikopa kofewa ka m'kati mwa mphuno. Ndiye chifukwa chake amayi ambiri apakati amakhala otsekeka mphuno kwa milungu yambiri osadwala chimfine, ena mpaka kumatuluka kamfuno. Palinso madzi. Masana amatsikira kumiyendo, mapazi n'kutupa. Mayi akagona pansi, ena mwa madziwo amabwerera kumtunda mpaka kukafika m'khosi, n'kuchepetsa njira ya mpweya. Thupi likuwonjezereka kulemera, khosi nalonso likunenepa. Pamwamba pa zonsezi, homoni ya progesterone imachititsa mayi kukoka mpweya mwamphamvu kuposa kale. Amene anamwerapo chakumwa ndi kapaipi kofewa akudziwa kuti ukakoka mwamphamvu kwambiri kapaipiko kamaphwatalala n'kutsekeka. Kukhosi kwa munthu wogona, minofu itamasuka, kumachitanso chimodzimodzi. Njira ikangochepa, minofu yofewa ya kumapeto kwa m'kamwa imanjenjemera mpweya ukamadutsa, ndipo phokoso lake ndiye mkonono. Njira ikatsekeratu, kumakhala zii uja ndinamumva ine.

Mfundo imene inandikhudza kwambiri nditaimvetsa ndi ya mapapo. Chiberekero chikamakula chimakankhira m'mwamba mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo, ndi masentimita pafupifupi 4. Zikatero mpweya umene umatsalira m'mapapo munthu akapumira kunja umachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa nthawi yomweyo thupi la mayi likufuna okosijeni wochuluka kuposa kale, chifukwa akupumira anthu awiri. Choncho kupuma kukadukiza kwa kanthawi kochepa, okosijeni m'magazi a mayi wapakati amatsika msanga kuposa mmene angatsikire mwa munthu amene alibe pakati.

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali mkonono wamba, umene mpweya umadutsa ndithu ngakhale mwaphokoso. Ndiye pali matenda amene madokotala amawatcha obstructive sleep apnea, pamene njira imatsekeka kapena kutsala pang'ono kutsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, ndipo zimenezi zimachitika kasanu kapena kuposerapo pa ola lililonse la tulo. Mwa ena zimachitika maulendo makumi angapo pa ola limodzi. Ulendo uliwonse okosijeni amatsika, ubongo umadzidzimuka, thupi limatulutsa mahomoni a mantha monga adrenaline, mtima umathamanga ndipo BP, kapena kuti kuthamanga kwa magazi, imakwera mwadzidzidzi. Munthuyo sadzuka kwenikweni, koma tulo take timakhala toduladula. Mwa munthu wabwinobwino BP imatsika usiku, mtima ndi mitsempha n'kupumulako. Mwa munthu wa vuto limeneli mpumulowo sakhala nawo, usiku ndi usiku. Akatswiri amaona kuti zimenezi zimavulaza kachikopa ka m'kati mwa mitsempha ya magazi komanso zimasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito insulin, homoni yowongolera shuga m'magazi. Tsono taganizirani kuti nsengwa, imene mwana amadyera ndi kupumira, ndi mitsempha ya magazi yokhayokha.

Zimenezi zinafufuzidwa, si zongoganizira. Mu 2000 gulu la dokotala Karl Franklin ku Umeå, m'dziko la Sweden, linafalitsa zimene linapeza litafunsa amayi 502 amene anali atangochira kumene. Amayi 23 pa 100 alionse anati ankaliza mkonono pafupifupi usiku uliwonse chakumapeto kwa mimba. Mwa oliza mkononowo, 14 pa 100 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pamene mwa osaliza anali 6 okha. Matenda a preeclampsia, oopsa amene amakweza BP ya mayi wapakati, anagwira 10 pa 100 mwa oliza, ndipo 4 pa 100 mwa osaliza. Ana obadwa ochepa thupi poyerekeza ndi miyezi yawo analinso ochuluka pakati pa oliza mkonono: pafupifupi 7 pa 100, pamene mbali inayo sanafike 3.

Mu 2012 Louise O'Brien ndi anzake a pa University of Michigan ku America anachita kafukufuku wokulirapo, wa amayi oposa 1,700. Mayi mmodzi mwa atatu ankaliza mkonono masiku atatu kapena kuposerapo pa mlungu, ndipo mmodzi mwa anayi anali atayamba kuuliza mimba ili kale m'kati. Chimene chinandigwira mtima pa kafukufuku ameneyu n'choti chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi chinaonekera kwambiri mwa amene mkonono unawayamba ali ndi pakati, osati amene ankaliza kalekale. Kwa iwo chiopsezocho chinali chowirikiza pafupifupi kawiri. Ndiye mawu akuti "sankaliza kale, wayamba ndi mimbayi", amene ambiri timawanena podzitonthoza, ndi omwewo amene ayenera kutidzutsa.

Kafukufuku wina, wotchedwa nuMoM2b, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, sanadalire zonena za anthu. Amayi oposa 3,000 a mimba yoyamba ku America anagona kunyumba kwawo atavala makina oyeza kapumidwe. Kumayambiriro kwa mimba pafupifupi 4 pa 100 anapezeka ndi vuto la kudukiza kupuma m'tulo, ndipo mimba itafika pakatikati chiwerengerocho chinakwera kufika pafupifupi 8 pa 100. Amene anali ndi vutoli anali pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri cha preeclampsia, ndi pafupifupi katatu cha matenda a shuga obwera ndi mimba, ngakhale ofufuzawo ataganizira kale za msinkhu ndi kunenepa kwa amayiwo.

Sindikufuna kuti mayi awerenge manambalawa n'kugona ndi mantha, chifukwa mantha nawonso amalanda tulo. Tawatembenuzeni manambala a ku Sweden aja: ngati 14 pa 100 oliza mkonono anali ndi BP yokwera, ndiye kuti 86 analibe. Amayi ambiri oliza mkonono amachira bwinobwino, ana awo n'kubadwa athanzi. Komanso kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi sizitanthauza kuti chimodzi ndicho chikuyambitsa chinzake. Kunenepa kwambiri kumabweretsa mkonono, kumabweretsanso BP ndi shuga. Ndipo nthawi zina nkhani imayenda chobwerera: preeclampsia imatupitsa thupi, khosi nalonso limatupa m'kati, mkonono n'kuyamba. Koma kwa ine, wogona pambali, kaya mkonono ndi umene ukuyambitsa kaya ukungolengeza zimene zayamba kale, chochita changa n'chimodzi, ndicho kuonetsetsa kuti amene amayeza BP ya mayiyu akudziwa.

Chifukwa chimene ndikulimbikira chonchi ndi khalidwe la preeclampsia. Matendawa amayamba mimba ikapitirira milungu 20. BP imafika 140/90 kapena kuposerapo, ndipo kawirikawiri mumkodzo mumapezeka mapuloteni, chizindikiro choti impso zayamba kuvutika. Amagwira mimba ziwiri mpaka zisanu ndi zitatu pa 100 zilizonse, ndipo kafukufuku wa mu 2014 wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anaonetsa kuti matenda a kuthamanga kwa magazi pa mimba ndi amene amachititsa pafupifupi imfa 14 pa imfa 100 zilizonse za amayi oyembekezera ndi ochira kumene padziko lonse. Kuopsa kwake n'koti poyamba samveka m'thupi. Mayi amatha kumayenda, kumagwira ntchito, kumaseka, BP ili m'mwamba. Ikapezeka msanga pali zochita zambiri: mankhwala otsitsa BP oyenera mayi wapakati, kumuyang'anira mwana pafupipafupi, jakisoni wa magnesium sulphate woteteza kukomoka ndi kunjenjemera, komanso kusankha nthawi yabwino yoti mayi achire. Ikapezeka mochedwa zochita zimakhala zochepa. Ngati pali chizindikiro chaulere chimene chingachititse kuti mayi ayezedwe mlungu umodzi msanga, sindikuona chifukwa chochitayira m'nthabwala.

Tsiku la sikelo litakwana ndinawaperekeza akazi anga. Anamwino atamaliza kuyeza mimba anafunsa kuti, "Pali vuto lina lililonse, mayi?" Akazi anga anati palibe, ndipo sankanama, chifukwa kwa iwo panalibedi. Tinali titagwirizana kale kunyumba kuti ndikanene, choncho ndinati, "Pepani anamwino, ndingawonjezerepo? Mayiwa ayamba kuliza mkonono kwambiri, zimene sankachita kale, ndipo nthawi zina amasiya kupuma kenako n'kutsamwa." Anamwino aja anaika cholembera pansi n'kutembenukira kwa ine. "Mwati amasiya kupuma, bambo? Mwaziona ndi maso anu? Zinayamba liti?" Kenako anafunsa mayiwo ngati amadzuka ndi mutu, ngati amaodzera masana, ngati mphete yayamba kuthina. Anawauza kuti akhale kaye phee kwa mphindi zingapo, n'kuwayezanso BP, n'kuwatumiza kukayezetsa mkodzo. BP inali itakwera pang'ono poyerekeza ndi ya pa ulendo wapitawo, mkodzo unali bwino. Anatiuza kuti tizibwera pafupipafupi kuposa mmene zinalembedwera poyamba, ndipo tinachitadi zimenezo mpaka tsiku lochira. Mayi ndi mwana anatuluka ali bwino.

Pa zimene ndinaona tsiku limenelo, funso la mkonono silibwera lokha. Ku sikelo amayeza kulemera, BP, kukula kwa mimba, kugunda kwa mtima wa mwana, magazi ndi mkodzo, ndipo pamzere pamakhala amayi ambiri akudikira. Za usiku amazidziwa pokhapokha wina azinene. Ndipo mayi payekha sanganene chimene sachidziwa, kapena chimene wakhala akusekedwa nacho. Amayi ambiri amaona mkonono ngati chinthu chochotsa ulemu, cha abambo onenepa, osati cha iwo. Mwamuna amene amadzuka n'kumayerekeza kulira kwa mkonono wa mkazi wake pamaso pa ana kapena alendo akutseka pakamwa pamene pamayenera kukalankhula kuchipatala. Winanso amangonyamula bulangete n'kukagona chipinda china osanena kanthu. Kufuna tulo si kulakwa, koma asanasamuke ayambe wamvetsera usiku umodzi kapena uwiri, chifukwa akachoka palibenso wina womva.

Zofunika kumvetsera si zambiri. Mkonono unayamba liti, mimba ili ndi miyezi ingati? Umalira usiku uliwonse kapena mwa apo ndi apo? Umalira pokhapokha akagona chagada, kapena ngakhale cham'mbali? Kodi pamakhala kudukiza kuja kotsatiridwa ndi kutsamwa? Mayi akalola, mphindi zochepa zojambulidwa pa foni zimafotokoza bwino kuposa mawu athu, ndipo iye mwini amamva koyamba chimene chimachitika. Masana onani ngati akuodzera pamene sakuyenera kuodzera, ali pakati pa kucheza kapena pa ntchito. Kutopa n'kwa mimba iliyonse, inde, ndipo m'pamene vutoli limabisala, chifukwa aliyense amangoti ndi mimba. Koma kutopa kwa munthu amene wagona maola okwanira n'kudzuka ndi mutu, kukamwa kouma, m'maso muli tulo, n'koyenera kukutchula. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi mayi amene anali wonenepa kwambiri asanatenge pakati, amene anali kale ndi BP kapena shuga, wamkulupo msinkhu, woyembekezera mapasa, kapena amene anadwalapo preeclampsia pa mimba yam'mbuyo.

Kunyumba chinthu chachikulu ndi kagonedwe. Munthu akagona chagada lilime ndi minofu ya kukhosi zimagwera kumbuyo, mkonono n'kukula. Kwa mayi wapakati palinso chifukwa china cholemera kuposa chimenechi. Mimba ikakula, kugona chagada kumachititsa chiberekero kutsamira mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. Mu 2019 ofufuza anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko angapo, kuphatikizapo New Zealand, Australia ndi Britain, ndipo anapeza kuti amayi amene ankayamba tulo atagona chagada kuyambira milungu 28 anali pa chiopsezo chowirikiza kawiri ndi theka choti mwana afere m'mimba. Kugonera kumanzere kapena kumanja sikunasiyane. Chimene chimawerengedwa ndi mmene mayi wagonera poyamba tulo. Akadzidzimuka pakati pa usiku n'kupeza ali chagada, asade nkhawa, angotembenukira cham'mbali. Pilo kumsana amathandiza kuti asagubuduke, wina pakati pa mawondo amapepuza chiuno, ndipo kukweza pang'ono mbali ya kumutu kwa bedi kumachepetsa kutsekeka kwa mphuno.

Pa za mphuno, madzi a mchere opopera kapena kudonthezera m'mphuno alibe vuto kwa mayi wapakati. Mankhwala ena otsegula mphuno ndiwo ofunika kusamala nawo. Opopera monga oxymetazoline akagwiritsidwa ntchito kupitirira masiku ochepa, mphuno zimatsekeka kuposa poyamba. Akumwa okhala ndi pseudoephedrine, amene amapezeka m'mankhwala ambiri a chimfine, amatha kukweza BP ndipo salangizidwa m'miyezi itatu yoyambirira. Mapiritsi ogonetsa ndi mowa zimalefula minofu ya kukhosi, kudukiza kuja n'kutalika, ndipo mowa pawokha ndi woopsa kale kwa mwana. Utsi wa fodya umatupitsa m'mphuno ndi kukhosi, ngakhale wosutayo akhale wina m'nyumbamo. Apa ndiye abambo osuta nkhani yawafika pakhomo. Chimodzi chimene ndikupempha ndi mtima wonse: musamuuze mayi wapakati kuti achepetse kudya kuti mkonono uthe. Nthawi ya mimba si nthawi yochepetsa thupi. Kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumathandiza, ndipo za kulemera koyenera akambirane ndi azamba.

Ngati dokotala akukayikira sleep apnea, amayeza kapumidwe ka usiku wonse, kuchipatala kapena ndi kamakina kogona nako kunyumba. Chithandizo chodziwika ndi makina a CPAP, amene anayambitsidwa ndi dokotala Colin Sullivan ku Sydney mu 1981. Munthu amavala kachigoba pamphuno, makinawo n'kumakankha mpweya pang'onopang'ono kuti njira isatsekeke. Si mankhwala olowa m'magazi, ndipo amayi apakati amawagwiritsa ntchito popanda vuto kwa mwana. Makinawa sapezeka paliponse, ndipo ngakhale kumene amapezeka si onse angawakwanitse. Koma zimenezi zisachititse munthu kuganiza kuti kunena n'kopanda phindu. Choyezera BP ndi kapepala koyezera mkodzo zimapezeka m'zipatala zambiri, kuyeza shuga kumachitika kawirikawiri pakati pa milungu 24 ndi 28, ndipo kuyambira 2016 WHO imalangiza kuti mayi aonane ndi azachipatala kosachepera kasanu ndi katatu pa mimba imodzi. Mayi amene wayamba mkonono ali ndi chifukwa chowonjezera chosaphonyera ngakhale ulendo umodzi. Ndipo ngati pangafunike opareshoni, dokotala wogonetsa ayenera kudziwiratu, chifukwa khosi lotupa ndi mankhwala amphamvu oletsa ululu zimafuna kusamala mwapadera.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira tsiku la sikelo, kaya mkonono ulipo kaya palibe. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinthu tothwanima m'maso, ululu pansi pa nthiti makamaka kumanja, kutupa kwadzidzidzi kwa nkhope ndi manja, kubanika ngakhale ali chikhalire, kutaya magazi, kapena mwana kuchepetsa kugunda. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, ngakhale pakati pa usiku, ulendo wa kuchipatala ndi wa nthawi yomweyo.

Mayi akachira, mphuno zimatseguka kawirikawiri m'milungu iwiri, madzi amachoka m'thupi, ndipo kwa ambiri mkonono umachepa kapena kutheratu. Koma maso asachoke pa iye chifukwa choti onse akuyang'ana khanda. Preeclampsia imatha kuyamba mayi atachira kale, mpaka milungu 6, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe zija za mutu ndi maso. Ngati papita miyezi ingapo mkonono waukulu ndi kudukiza kupuma zikadalipo, vutolo silinali la mimba yokha, ndipo likufunika dokotala palokha, chifukwa sleep apnea yosathandizidwa imawononga mtima pang'onopang'ono. Mayi amene BP inamukwera pa mimba amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzadwala BP ndi matenda a mtima akamakula, choncho aziyezetsa chaka ndi chaka ngakhale akumva bwino. Akadzatenganso pakati, mbiri yonseyi, ya BP ndi ya mkonono yomwe, akaifotokoze pa ulendo woyamba wa ku sikelo, ndipo ulendowo ukhale wamsanga, chifukwa aspirin wochepa mphamvu amene madokotala amapereka kwa amayi a chiopsezo chachikulu cha preeclampsia amayenera kuyambidwa mimba isanafike milungu 20.